Seva Itaiwala Manda a Bambo Anga

Lachinayi m'mawa, patatsala masiku awiri kuti tikaike chiliza pamanda a bambo anga, ndinapanga apudeti, kutanthauza kuika mapulogalamu atsopano, pa seva ya kutchalitchi kwathu ku Glen Norah. Palibe anandituma. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkasimba nkhaniyi ngati kuti makinawo ndiwo anandiputa.

Seva ndikunenayi si chinthu choti munthu n'kuchivulira chipewa. Ndi kompyuta yakale yotuwa yomwe kasitomala wina anaisiya patebulo langa lokonzera mafoni, osabweranso. Ndinaiika pansi pa shelefu m'kachipinda kosungiramo mayunifolomu a kwaya. Imadya magetsi a sola, ndiye batire likatha madzulo nayo imagona, n'kudzadzuka dzuwa likafika padenga. Koma mmenemo ndimo munali tsamba lathu la pa intaneti, lomwe anthu a mpingo ankangolitchula kuti manda.

Ambirife mumpingomo ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Malawi kubwera m'dziko lino kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya. Titachotsedwa m'mapulaziwo tinanyamula mabulangete ndi mapoto kubwera nazo mutauni, koma akufa athu anatsala komweko, m'mitumbira yopanda zikwangwani. Amene ankadziwa kuti mtumbira uwu ndi wa uje anali munthu mmodzi, a dikoni athu, amene pa unyamata wawo anali mkulu wa adzukulu okumba manda pa pulazi pathu ndi pa mapulazi oyandikana nalo. Zaka zingapo m'mbuyomo ine ndi iwo tinayendayenda m'malo amenewa, iwo akuloza ndi ndodo n'kutchula dzina, ine ndikujambula ndi foni. Foniyo inkasunga m'chithunzi chilichonse malo enieni pamene ndinaima, n'kuchipatsa nambala. Dzina la mwini mtumbira ndinkalilemba padera, mu databesi, yomwe ndi kaundula wa m'kompyuta wonena kuti nambala yakuti ndi ya malemu akuti. A dikoni anandiuza kangapo kuti ndizilembanso m'kope. Ndinkawaseka, n'kumati mapepala amadyedwa ndi chiswe.

Bambo anga anamwalira ndili mwana, chaka chimodzi tisanachoke pa pulazi. Amayi sanabwererekonso. Eni malo atsopano sankafuna alendo m'minda mwawo, ndipo panatenga nthawi, akulu a mpingo akupita ndi kubwera, kuti atilole. Anatipatsa tsiku limodzi lokha, Loweruka limenelo. Lole inali itapezeka, mwala wolembedwa dzina unali kale pakhonde pathu utakutidwa ndi saka, mlongo wanga anali m'basi kuchokera ku Joni. Ntchito yanga inali imodzi, yopepuka kuposa za onse: kutsogolera anthu pamtumbira woyenera.

Chimene chinandiyabwa Lachinayi lija ndi kunyada. Seva inali itatha miyezi ikundikumbutsa kuti mapulogalamu ake akalamba, ine n'kumangoti mawa. Tsiku limenelo ndinaganiza za achibale amene adzatsegule tsambalo pambuyo pa mwambo, ndipo ndinafuna kuti adzalipeze likuthamanga, adzati mwana wa malemu ndi katswiri. Sindinasindikize kaye tsamba la bambo. Sindinakopere databesi pambali, poti bakapu, kutanthauza zonsezi zokoperedwa padera, ndinali nayo kale kwina. Ndinangolemba lamulo loyambitsa apudeti, makina anandifunsa mafunso awiri kapena atatu, ine n'kuvomera onse osawerenga, maso ali pa chimanga chootcha chomwe ndinagula panjira.

Mizere inayenda bwinobwino pasikirini mpaka chapakati, kenako inaima. Ndinadikira. Ndinatha chimanga chonse, ikadali chiimire. Nditaizimitsa n'kuiyatsanso, ndinatsegula tsambalo pa foni ndipo linabwera loyera mbee, pamwamba pali nambala 500, yomwe kwa ife a ntchitoyi imatanthauza kuti seva yadwala koma siikunena chimene chikuipweteka.

Poyamba sindinachite mantha. Walira mvula walira matope, ndinadziuza, apudeti iliyonse imabwera ndi zake. Nditafufuza ndinapeza kuti disiki, nkhokwe ya sevayo, inadzaza apudeti ili pakati. Chinaidzaza ndi malogi. Logi ndi kabuku kamene seva imalembamo mlendo aliyense wogogoda: nthawi, mtundu wa foni, tsamba limene wapempha, ndi chimene wapatsidwa. Yanga inali italemba zimenezi kwa zaka popanda woisesa. Munthu wina aliyense akanangowafufuta. Koma ine ndinaleredwa ndi mayi amene amachapa majumbo a shuga n'kuwayanika pachingwe, ndiye dzanja langa limavuta kutaya chinthu. Ndinawasamutsira pa fulashi, kachipangizo kosungira zinthu konga chala, n'kuiponya m'thumba la malaya, n'kuiwalako.

Malo atapezeka ndinamalizitsa apudeti ija. Kenako zinayamba kutuluka chimodzichimodzi ngati nsikidzi. Limodzi mwa mafunso ndinavomera osawerenga aja linali loti makina afufute makonzedwe anga akale n'kuikapo atsopano, choncho seva sinkadziwanso kuti tsamba lathu lili m'foda iti. Ndinalembanso zonsezo pamtima. Itadziwa, pulogalamu yoonetsa zithunzi inakana kugwirizana ndi zatsopanozo, ndipo ndinatha maola awiri ndikusoka mzere uwu ndi uwo, amayi a chigwirizano akuyeserera nyimbo kuseri kwa khoma, kubwereza vesi imodzimodzi mpaka ndinafuna kugogoda. Chamasana tsambalo linatseguka. Mutu wake unalipo, mtanda wa mpingo ndi mawu olonjera. Pansi pake panalibe dzina ndi limodzi lomwe.

Databesi inali itadukizidwa ikusinthidwa kuchoka m'kalembedwe kakale kupita m'katsopano, ndipo inkakana kudzuka. Ndinaikopera pambali, mochedwa ngati munthu wotseka khola mbuzi zitatuluka, n'kuyamba kuikakamiza. Pali njira yoiuza kuti idumphe pamene pavulala n'kupereka zimene ingathe. Ndinayesa pang'ono, inakana. Ndinawonjezera mphamvu, inatsokomola n'kuyamba kulavula mayina. Pulazi loyamba linatuluka lonse, lachiwiri lonse, lachitatu, lachinayi. Ndinayamba kupuma. Itafika pa pulazi lathu, lomwe tinalijambula komalizira, inatulutsa zinyalala za zilembo zosawerengeka n'kufa.

Ndinabwereza kanayi. Zithunzi zonse za pulazi lathu zinalipo, chilichonse ndi nambala yake ndi malo ake. Chimene chinasowa ndi choti nambala iti ndi ya yani. Bambo wosamalira tchalitchi anabwera akugwedeza makiyi, nati dzuwa lapita, ndipo ngakhale akanandisiya batire linali litayamba kale kulira.

Kunyumba ndinapeza amayi akusefa thobwa la paulendo. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndadya. Ndinati ndadya. Sanafunse za manda, ine sindinanene, ndipo mumtima ndinathokoza kuti nkhalamba sizidziwa za intaneti. Ndinkadzilimbitsa ndi chinthu chimodzi, chakuti bakapu ilipo.

Lamulo la ntchito yathu limati bakapu isamagone nyumba imodzi ndi seva, kuopa moto ndi akuba. Ine lamulo limeneli ndinalisunga, ndipo ndinkadzitama nalo. Ndinakopera zonse pa kadisiki kakuda kokwana m'dzanja n'kukapereka kwa a dikoni ku Dzivarasekwa, dera lina la mutauni momwemo. Ndinawauza kuti mayina onse a anthu amene anawaika m'manda ali mmenemo, akasunge ngati diso lawo. Anakakulunga m'mpango n'kukaika m'chitini cha mabisiketi. A dikoniwo anamwalira m'nyengo yozizira chaka chomwecho cha chiliza. Kumaliro ndinapita, ndinanyamula nawo bokosi, koma za kadisiki ndinati ndidzafunsa misozi ikauma. Miyezi inadutsa.

Lachisanu ndinakwera kombi, minibasi ya kuno, yoyamba kulowa mutauni, ina kupita ku Dzivarasekwa. Mayi amasiye, akazi a malemu a dikoni, ndinawapeza akuyala tomato patebulo lawo la pageti. Anandilandira bwino, kundipatsa mpando, kufunsa za amayi, za miyendo yawo, za mlongo wanga, za lole. Mwambo sulola kuti ufike pakhomo pa mfedwa n'kuyamba ndi chimene wadzera, ndiye ndinayankha zonsezo. Potsiriza ndinafunsa za chitini cha mabisiketi.

Analowa m'nyumba n'kubwera nacho. Munali mabatani, makadi a kuchipatala ndi lumo.

"Munali kabokosi kakuda, mayi. Kokulungidwa m'mpango."

"Aa, kaja ka mayina?" Anakhala pansi n'kupukuta manja pachitenje. "Kaja anapita nako, mwanangu."

Ndinafunsa kuti anapita nako kuti, ngakhale ndinali nditamva.

"Tinawaikira m'bokosi, pamodzi ndi kapu yawo ndi ndodo. Ankakakonda zedi. Masiku odwala aja ankati kazikhala pansi pa pilo, amvekere anthu anga onse ali umu. Ndiye pogawa zovala tikanapatsa yani? Tinati apite nawo anthu awo." Anandiyang'anitsitsa. "Talakwitsa kodi?"

Ndinati sanalakwitse. Ndikanati chiyani? Ine ndemwe ndinawauza akuluwo kuti anthu awo ali mmenemo, osawauza kuti tsiku lina ndidzakafunanso. Ndipo bokosi limene munali bakapu yangayo ndinalinyamula ndekha paphewa, n'kuponyapo dothi. Ndivomere pano chinthu chimene sindinauzepo munthu: ndili pampando paja, kwa kamphindi, ndinawerengera kuya kwa dzenje lija ndi kuganiza ngati chinyezi chingalowe m'kadisiki kokulungidwa m'mpango. Ndinachita manyazi mpaka ndinalephera kuwayang'ana kumaso mayiwo. Anandipatsa tomato anayi oti ndikapatse amayi.

M'kombi yobwerera ndinawerengera njira zimene zinatsala. Zinthu zinali zitafika pa mwana wakana phala. Kuimitsa ulendo sikukanatheka, poti tsiku lina eni malo sakanatipatsa, ndipo amayi ndi matenda awo a shuga sanali munthu woti n'kumuuza kuti tidikire chaka china. Ndinaganiza zoimbira anthu akale a pa pulazi, koma amene anatsala anali akazi amene pa maliro ankakhala patali, ndi amuna amene panthawiyo anali ana ngati ine. Chifukwa chake chenicheni chopangira tsamba lija chinali chimenechi, chakuti wodziwa anali mmodzi.

Nditafika m'kachipinda kaja ndinatsegula zithunzi za pulazi lathu, zoposa makumi anayi, n'kuyamba kuziyang'ana chimodzichimodzi. Udzu wouma, dothi lofiira, apa chulu, apo chitsa, apo mbale yakale yadzimbiri. Ndinali ndi chikhulupiriro choti magazi adzandiuza. Sanandiuze kanthu. Ndinayesa kukumbukira tsiku lija. Ndinakumbukira kutentha, minga m'masokosi, a dikoni akuima n'kuvula chipewa, akunena motsitsa mawu kuti apa ndi pa bambo ako. Ndipo ndinakumbukira chimene ine ndinkachita: batire la foni linali litatsala pang'ono, mitumbira inali ikadalipo khumi, ndiye ndinajambula msangamsanga n'kuti tiyeni. Ndinaima pamanda a bambo anga maso ali pa kachizindikiro ka batire. Ndinati ndidzayang'ana bwino kunyumba, ndipo kunyumbako ndinatsegula tsamba lawo kamodzi kapena kawiri poyesa ngati likugwira ntchito.

Ndinalira m'kachipinda kaja, pakati pa mayunifolomu onunkha sopo. Nditatha kulira ndinachita chinthu choipa kuposa cha ku Dzivarasekwa chija. Ndinasankha chithunzi. Panali china chooneka bwino, mtumbira wautali pansi pa mtengo wa mthethe, malo oti mwala ungakhale mooneka. Ndinadziuza kuti dothi ndi limodzi, kuti Mulungu amadziwa ake, kuti amayi akalira n'kupepukidwa mtima basi, ndani adzatsutse? Ndinalemba nambala yake pachikhatho ndi bolopeni. Ndinali wokonzeka kukaika dzina la bambo anga pamwamba pa bambo wa munthu wina, kuti ine ndisachite manyazi.

Chinatsala ndi kuona ngati pali amene wazindikira kuti tsamba lafa, kuti ndikonzeretu bodza lomuyankha. Ndinatsegula logi yatsopano, ya kuyambira Lachinayi. Alendo anali ochepa. Koma panali foni imodzi imene inkabwerabwera, kupempha tsamba limodzimodzi, ndipo pa adiresi ya tsambalo panali dzina la bambo anga. Lachinayi masana inagogoda kasanu ndi kamodzi, n'kupatsidwa 500 uja. Madzulo katatu, n'kupatsidwa tsamba lopanda kanthu. Lachisanu m'mawa, ine ndili m'kombi, inagogoda motsatizana, mphindi iliyonse, kwa nthawi yaitali. Mtundu wa foniyo ndinaudziwa. Inali ija mlongo wanga anatumizira amayi, yomwe ine ndinkati amangoyankhira mafoni ndi kuunikira pansi pa bedi.

Kenako mutu unagwira. Munthu akatsegula tsamba, foni yake imapempha kaye tsambalo, pambuyo pake n'kupempha chithunzi chimene chili mmenemo, ndipo logi imalemba zonse ziwiri, mzere pansi pa mzere. Ndinapisa dzanja m'thumba la malaya, omwewo a dzulo, poti sindinasinthe. Fulashi inalimo.

Ndinafufuza dzina la bambo m'malogi akale aja ndipo sikirini inadzaza. Tsiku lililonse, kwa zaka, foni imodzimodziyo, nthawi ya m'mawa seva ikangodzuka. M'miyezi yozizira nthawiyo inkasunthira mochedwerapo, m'chilimwe inkafulumira, kutsatira dzuwa padenga la tchalitchi. Amayi anali ataphunzira okha nthawi imene makina anga amadzuka. Pansi pa mzere uliwonse panali nambala ya chithunzi, yosasintha. Ndinayang'ana pachikhatho. Sinali imeneyo.

Maola otsalawo ndinawathera pa ntchito imeneyi, kutenga dzina lililonse la pa pulazi lathu limene linapezeka m'malogi n'kulilumikizanso ndi chithunzi chake. Ena anali atatsegulidwa kambirimbiri, ena kamodzi kokha, mwina ndi mdzukulu wina wa ku Kuwadzana amene anangodutsapo, koma kamodziko kanakwanira. Malogi a miyezi yoyambirira, pamene ndinkayesa tsamba lililonse ndekha, panalibe, poti nthawi imeneyo ndinali ndisanayatse zolemba alendo. Pamene makiyi ankalira pakhomo, zithunzi zisanu ndi ziwiri zinali zitatsala zopanda dzina. Palibe anali atazitsegulapo chiyambireni kulemba alendo.

Kunyumba mlongo wanga anali atafika, nyumba ili phokoso. Ndinadikira mpaka amayi atatuluka kukaanula zovala kuseri, n'kuwatsatira. Ndinawapatsa tomato aja, kenako ndinawauza kuti tsamba linawonongeka koma ndalikonza.

"Ndinaona," anatero, akupinda chitenje. "Dzulo ndimayesa ndi foni yangayi. Lero ndinadziwa kuti vuto lili kwa iwe, nditaona mmene unatulukira osasamba."

Ndinafunsa kuti anayamba liti kulitsegula. Anati mtsikana wina wa kwaya anawaikira kachizindikiro pafoni, kongodina, chaka chomwe tinajambula. Ndinafunsa chifukwa chimene sanandiuzire kuti lafa.

"Unali kale ndi nkhope ya munthu wotaya ng'ombe. Ndikanawonjezerapo chiyani?" Anachotsa chopanira pachingwe. "Nanga iwe bwanji sunandifunse? Chulu kumanzere, chitsa cha muwanga kumutu, mbale yoyera yobooka pakati. Mbale imeneyo ndinaiboola ndine ndi msomali, kuti asaibe."

Safunsa anadya phula. Ndinayenda mpaka ku Dzivarasekwa, ndinaganiza zofukula a dikoni, pamene munthu woti akanaloza chithunzicho m'kuphethira kwa diso ankasefa thobwa m'khitchini mwathu. Sindinawafunse chifukwa sindinaganizepo kuti angadziwe kanthu za ntchito yanga. Anagwira dzanja langa, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana nambala ija. Kuwerenga mawu kumawavuta koma manambala amawadziwa, ndipo ya bambo ankaiona m'munsi mwa chithunzi m'mawa uliwonse. Anafunsa kuti iyi ndi ya yani. Ndinawauza zoona. Sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anangosiya dzanjalo n'kunyamula dengu la zovala.

Loweruka tinafika pa pulazi dzuwa litakwera. Ine ndinatsika ndi foni m'manja kuti nditsogolere, koma amayi anali atayamba kale kuyenda, ndi miyendo yawo yotupayo, kudutsa m'mapesi a chimanga. Anakaima pafupi ndi chulu. Mbale inalipo, itakwiririka theka. Foni yanga inavomereza pambuyo pake.

Mwala utaikidwa, nyimbo zitatha, anthu akumwa thobwa, amayi anandiitana n'kundipatsa khasu. Anandifunsa kuti uja ndinamulemba padzanja ali pati. Panali pafupi, mapazi ngati makumi awiri, pansi pa mthethe uja. Anali mmodzi mwa asanu ndi awiri aja.

"Kalambule," anatero. "Unatsala pang'ono kumutcha bambo."

Ndinalambula ndekha, iwo ataima chapatali. Mpaka lero sindikudziwa kuti ndi ndani. Ndafunsa mumpingo, ndaonetsa chithunzicho kwa nkhalamba zonse zimene ndikuzidziwa. Patsamba lathu chilipo, pamalo a dzina pali mpata, ndipo mayina ena onse tsopano ndinawalembanso m'kope lachikuto cholimba limene amayi amasunga m'sutukesi mwawo. M'mawa uliwonse seva ikadzuka ndimayang'ana logi. Foni ya amayi imakhalapo, pa nthawi yake. Chithunzi cha pansi pa mthethe chija amachitsegula ndi munthu mmodzi yekha, ndipo foni yake ndi yanga.